Fulashi Sinabwerere Yopanda Kanthu

Aulutsi, ndine mayi wa kuno ku Chipata. Nditakwatiwa ndi Msilamu, atate anga, mkulu wa mpingo ku Madzimoyo, anasiya kundilankhula. Ngakhale nditabereka mwana wamkazi, sanabwere kudzamuona.

Mng'ono wanga amene amakhala nawo ali ndi tabuleti, koma netiweki kumeneko imavuta. Ndiye ndinagula fulashi ndi kachingwe kake kolumikizira ku tabuleti, n'kuikamo mavidiyo a mwanayo akukwawa ndi kuseka. Ndinatumizira amayi, osati atate.

Fulashiyo inachedwa kubwerera. Nditafunsa, mng'ono wangayo anati, "Achemwali, atate aikaniza. Akuti mbale imene yabwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu."

Itafika, ndinaitsegula mtima uli m'mwamba. Munali vidiyo imodzi yatsopano. Atate anaima pakhola atavala jekete yawo yakutchalitchi, akuyang'ana kumbali ngati munthu woopa kamera. Anakhosomola, n'kugwira khutu la kathole kofiira.

"Mwana uja akuseka ngati malemu amayi anga," anatero. "Ng'ombe iyi ndi yake. Koma ine sindipereka ng'ombe pa tabuleti. Abwere aione yekha, pamodzi ndi atate ake."

Ndinalira mpaka amuna anga anathamanga kuchokera kushopu, kuganiza kuti kwagwa maliro.

Tinapita Loweruka lomwelo. Za chipembedzo sitinagwirizanebe, ndipo mwina sitidzagwirizana. Koma fulashi ija imayendabe pa minibasi. Ulendo wathawu munali atate akufunsa apongozi awo, amuna angawo, kuti nkhuku aziipha bwanji kuti tonse tidye.