Loweruka Limodzi pa Phiri la Bunda

Nditasesa ndi kuchapa matewera, ndinakaima pamzere wa pampopi ku Biwi. Patsogolo panga mayi wina ankacheza ndi mtsikana wachilendo.

"Phiri la Bunda ukulidziwa? Amuna anga ankati tikakwere Loweruka lina."

"Kukapemphera, amayi?"

"Ayi, kungoyenda basi, tikaone tauni tili pamwamba. Ine ndinkati, 'Munthu kukwera phiri n'kutsika osasenza nkhuni? Zachizungu zimenezo. Nanga zovalazi achape ndani?'"

"Ndiye simunapite?"

"Anandinyengerera zaka zitatu. Pano akudwala, ngakhale popita kuchimbudzi ndimachita kuwagwira mkono."

"Pepani. Akachira mudzapita."

"Miyendo ija yatha, mwanawe. Ndinawamana Loweruka limodzi lokha, chifukwa cha zovala zomwe lero ndikukolopera m'nyumba."