Ndakatulo Yodzera pa Ndodo ya Malume

Tsiku lotsazikana ndi ophunzira oyamba pa koleji ina ku Cape Coast, Fiifi Essilfie, mmodzi mwa omaliza maphunzirowo, anali ndi ndakatulo m'manja, ndipo m'thumba munali tikiti ya sitima ya pamadzi yopita ku Lagos, kumene ntchito inkamudikira. Chovuta chinali chakuti mlendo wolemekezeka anali mfumu, ndipo mfumu simva mawu osadzera pa ndodo ya woilankhulira, yemwe anali malume ake enieni, a Bentsil.

"Werenga, ndimve zomwe ndikasenze," anatero malumewo.

Fiifi anatukumula chifuwa. "'Koleji mayi wanga, sindidzachoka pakhomo pako mpaka imfa.'"

"Chabwino. Tikitiyo ugulitse."

"Ndigulitsirenji? Ndikunyamuka mawa."

"Mawu odzera pa ndodo iyi ndi lumbiro, mphwanga. Mfumu ikagwedeza mutu, basi, ndiwe wa pompano."

"Ndi ndakatulo imeneyi, malume. Ndi mmene amalembera."

"Ndiye chotsa mzerewo."

"Sindichotsa ngakhale kadontho. Ndavutika nayo chaka chonse."

"Pitiriza."

"'Aphunzitsi anga ndidzawabereka kumsana mpaka kumalekezero a dziko.'"

A Bentsil anasuzumira pazenera, n'kuyang'ana mphunzitsi wamkulu, bambo wodzaza benchi ya anthu awiri. "Onse pamodzi, kapena mmodzimmodzi?"

"Aaa, malume, palibe amene abereke munthu pano."

"Ukawauze wekha. Bambo aja akuoneka kuti kuyenda kunawatopetsa kalekale. Pitiriza."

Mawu a Fiifi anayamba kuchepa. "'Misozi yanga idzasefukiza nyanja.'"

"Asodzi abwera ambiri lero. Afuna kudziwa tsiku lake, akokeretu mabwato kumtunda."

Apa Fiifi anachita mantha enieni. Malume akewo ankawadziwa bwino: sanasekepo ndodo ili m'manja. Koma kudula ndakatulo yake, ayi, kuli bwino kudula chala.

"Malume, mungowauza kuti n'zongokometsera. Sindikutanthauza chilichonse mwa zimenezi."

"Chilichonse?"

"Ngakhale chimodzi."

Nkhope ya a Bentsil inawala. "Iwe, osanena kale bwanji? Zimenezo n'zosavuta."

Mtima wa Fiifi unakhala pansi. Panja ng'oma zinayamba kulira, mfumu yafika. Malumewo anakonza nsalu paphewa, n'kunyamula ndodo, n'kulunjika kuchitseko.

"Ndikayamba motere: 'Nana mfumu yathu, mwana wathu wamaliza maphunziro ake onse, ndipo akuti zonse anene panozi ndi bodza.'"