Ankati Ndikusunga Ndondocha m'Balani ya Malemu Mwamuna Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kwa Magodi. Ine ndine NyaZimba, mayi wamasiye wa ana anayi, mlimi wa mtedza ndi chimanga. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mudzi wonse unanditcha mfiti, mpaka ndinakagona m'chitolokosi ku boma la Lundazi, ndi mmene Mulungu ananditulutsira kudzera mwa munthu amene sitinkamvana ngakhale liwu limodzi.

Mwamuna wanga, a Mtonga, anali mlimi wa fodya. Atamwalira anandisiyira balani ya njerwa yowotcheramo fodya, tsidya la dambo, pafupi ndi kanjira kopita kumalire a Malawi. Ine fodyayo sindinapitirize kulima, choncho balaniyo inangokhala. Tsiku lina alamu anga, a Yotamu, mng'ono wa malemuwo, anadzandipempha kuti azisungamo soya wa bwana wina wa ku boma. Ndinavomera. Anaika loko wamkulu pachitseko, kiyi n'kutenga, ndipo anandichenjeza kuti ndisamayandikireko chifukwa athiramo mankhwala oopsa ophera anankafumbwe.

Nthawi imeneyo m'mudzi mwathu zinthu zinali zitayamba kusintha, koma ine sindinkazilumikiza. Amuna amene kale ankalimbirana ganyu yokolola anayamba kukana, ena n'kugula njinga zamoto tisanagulitse ngakhale thumba limodzi la mbewu. Chimanga cha nkhalamba chinkadyedwa ndi chiswe m'munda, wokolola palibe. Pagolosale buledi ankatha yense kusanatenthe, ndipo wogulitsa ukamufunsa amene wagula, ankangoyang'ana kumbali.

Kenako ndinayamba kuona zachilendo kudambo. M'mawa wina ndikupita kukazula mtedza ndinapeza mapazi pamatope, ambirimbiri, a anthu ovala mapatapata. Onse ankaloza kubalani. Obwerera panalibe. M'munda ndinapeza mtedza wozulidwa, makoko ali mbwee, wina atadya wauwisi pomwepo ngati nyani. Galu wanga, amene sankandisiya, anafika pamphepete pa dambo n'kukhala pansi, kukana kuwoloka. Ndikuwerama kuzula, dzuwa lili pamutu, ndinamva munthu akutsokomola. Ndinadzuka, kuyang'ana uku ndi uku, munthu osaoneka. Balani ili chitsekere, loko ali lende.

Patapita masiku, amayi awiri akutunga madzi pachitsime cha kudambo anaona munthu wamtali, woonda, ataima chilili pakati pa mapesi a m'munda mwanga. Anamupatsa moni, "Monile, adada," koma iye sanayankhe. Anangotsegula pakamwa, kuloza kukhosi, kenako anabwerera chafutambuyo n'kuzimirira m'mapesi. Amayiwo anataya zidebe n'kuthawa.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika paliponse. Ankati NyaZimba akusunga ndondocha, anthu akufa amene mfiti imawadzutsa n'kuwadula lilime kuti aziilimira. Malemu mwamuna wanga anali wamtali, ndiye anthu anamaliza okha kuti ndinamupha ndine, ndipo ndi iyeyo amene akundilimira. Mtedza wanga chaka chimenecho unabereka bwino, ndipo umenewo unasanduka umboni wondinenera. Wogula amene ankabwera ndi sikelo ankadumpha khomo langa poopa kuti ena amukana. Ana anga kusukulu ankakhala paokha. Kutchalitchi, benchi imene ndakhala ine inkakhala yanga ndekha.

Ndinapita kwa a Yotamu kukapempha kiyi. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Alamu, zisiyeni, pakamwa pa anthu sipatsekeka. Kiyi ali ndi bwana." Kunena zoona, abale anga, ineyo ndinayamba kuopa. Ndinkadzifunsa ngati mwina mwamuna wanga sanagone bwino kumanda. Chakudya chinkandikanika. Ndinasala masiku atatu, ndipo pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, chimene chili m'balanimo, kaya ndi chamoyo kaya ndi chakufa, chiikeni poyera.

Tsiku lachinayi ndinapita kwa a Nyirongo, mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene yekha ankandipatsabe dzanja. Ndinawapempha kuti andiperekeze. Anavomera, n'kutenga Baibulo ndi nkhwangwa. Tinawoloka dambo masana, tinapemphera pakhomo, iwo n'kuthyola loko.

Fungo limene linatuluka sindidzaliiwala. Soya munalibe. Pansi panali mabotolo a pulasitiki, mapepala a buledi, mapatapata oduka, ndi makatoni oyalidwa mothithikana mpaka kukhoma, poonetsa kuti pankagona anthu ochuluka. Pakhoma panali zilembo zokandidwa ndi msomali, zosafanana ndi zilembo zathu. Pangodya panali mulu wa masaka. Tikuyang'ana, muluwo unagwedezeka, ndipo munatuluka dzanja.

Ndinabwerera m'mbuyo ndi mantha. A Nyirongo anafuula dzina la Yesu. Koma dzanjalo linali la munthu wamoyo, bambo woonda mafupa okhaokha, milomo itang'ambika ndi ludzu, phazi limodzi litatupa ngati dzungu. Pakhosi anavala kamtanda kamtengo pachingwe chakuda. Atationa anaphimba nkhope, akuyembekeza kumenyedwa. Pamenepo mantha anandichoka. Ndinathamangira kuchitsime, ndinamumwetsa madzi pang'onopang'ono, tinamukweza pangolo ya ng'ombe kupita naye kwathu. Ndinamuphikira phala, ndinatsuka bala la paphazi lotupalo ndi madzi amchere. Anthu anadzaza pabwalo kudzaona ndondocha ikumwa phala, koma palibe anayandikira.

A Nyirongo anaimbira apolisi kuti munthuyo athandizidwe. Atafika ndi a ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, anaona za m'balanimo n'kutiuza kuti munkasungidwa anthu ochokera ku Ethiopia, olowa m'dziko mozemba kudzera m'tinjira ta kumalire, pa ulendo wa ku Joni. Anafunsa mwini balani. Ndinati ndine. A Yotamu anali atathawa kale atangomva kuti loko wathyoledwa. Anthu a m'mudzi, ngakhale amene ankadziwa zoona chifukwa abale awo ndi amene ankanyamula alendowo panjinga zamoto, anati sakudziwa kanthu. Wodwalayo anapita naye kuchipatala, ine kuchitolokosi.

Ndinakhalamo masiku asanu. Wapolisi wina wamkazi anandifotokozera mwachifundo kuti mlandu wosunga anthu otere ndi waukulu, ndipo ndikapezeka wolakwa ana anga adzakula ine ndili kundende. Mawu a a Nyirongo okha sankakwanira, popeza iwo sanaone amene ankabweretsa anthuwo. Ndinalira mpaka misozi inauma. Ndinafunsa Mulungu kuti, kodi kuika poyera kumene ndinapempha kuja n'kumeneku?

Tsiku lachisanu ananditenga kupita nane kuchipatala. Bambo uja anali atatsitsimuka, ndipo apolisi anali atapeza womasulira chinenero chake pafoni. Dzina lake anali Desita. Atangondiona anayesa kudzuka pabedi, akulankhula mofulumira, misozi ikutsika. Womasulira anati, "Akuti mayi awa musawamange. Akuti koyamba kuwaona pafupi linali tsiku limene anamupatsa madzi."

Desita anafotokoza zonse. Kwawo bambo ake anagulitsa munda ndi ng'ombe kuti iye ndi mng'ono wake akapeze ntchito ku Joni. Mng'ono wakeyo anafera m'njira, m'lole yotsekedwa, ndipo anamusiya m'tchire osamuika. M'balanimo ankawatsekera masiku angapo kudikira galimoto, buledi mmodzi anthu ambiri. Njala ikawapweteka, owonda kwambiri ankakwawa kutulukira pabowo la ng'anjo kukazula mtedza. Amene amayi aja anamuona m'mapesi anali iyeyo, ankapempha madzi. Phazi litatupa, anzake anatengedwa, iye anasiyidwa ndi loko pakhomo. Anafotokoza munthu amene ankabwera ndi kiyi, mpaka kutchula kuti ali ndi chala choduka, ndipo aliyense kwathu amadziwa kuti a Yotamu anaduka chala ndi makina ogayira. Tsiku lomwelo apolisi ananditulutsa.

Desita atachira anakhala m'manja mwa boma miyezi ingapo, kenako anabwezedwa kwawo. Ndinakamuona kawiri, nditamutengera mtedza wokazinga. Tinkangokhala, iye n'kupemphera m'chinenero chake, ine m'changa. Sindikudziwa ngati anapeza pogwira kwawoko, popeza munda unagulitsidwa. Ndimamutchula m'pemphero tsiku lililonse.

Kumudzi ena anabwera kudzapepesa, ena mpaka lero amandilambalala chifukwa cha manyazi. Amuna atatu a m'mudzi mwathu ali kundende, njinga zawo zinalandidwa, minda yawo yamera tchire. A Yotamu sanabwerere. Mkazi wawo ndi ana amadya kwanga, ndipo poyamba zinkandivuta, koma Ambuye anandifewetsa mtima.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti ndifere m'bodza, ndikuthokozanso a Nyirongo amene anayenda nane pamene aliyense ankandithawa. Inu amene mukunenedwa zimene simunachite, musaleke kupemphera, ngakhale yankho litayamba ndi kukulowetsani m'chitolokosi monga linachitira ine. Ndipo mukakumana ndi mlendo wosayankha moni, musathamangire kumutcha mzukwa. Yambani mwamupatsa madzi. Yewo chomene, zikomo kwambiri, Ambuye akusungeni nonse. Ameni.