Madzi a Madenga Atatu

Mayi wina wosoka zovala anafika ku ofesi yoona za mapulani a malo atanyamula pepala lodulira madiresi, pomwe anajambulapo m'mene akufuna kugawira ana ake atatu malo ake. Kalaliki analiyala patebulo n'kuvala magalasi.

"Dindani, bambo," anatero mayiyo. "Amisiri ayamba Lolemba."

"Sitidinda tsiku loyamba, mayi. Pulani iyenera kuunikidwa kaye."

"Ndiye tsegulani katani muunike."

Kalaliki anadzuka, anatsegula katani, n'kukhalanso. "Ndatsegula. Koma ounika ndi a komiti. Ine ndimangofunsa mafunso a pa fomu. Chozungulirachi ndi chitsime?"

"Ndi khosi la diresi. Chisiyeni."

Kalaliki analemba kuti khosi la diresi. "Puloti yachitatuyi ilibe msewu."

"Ndi ya mwana wanga wamkazi imeneyo."

"Azidzalowera pati?"

"Pakhonde panga, ine ndikumuona."

"Nanga galimoto?"

"Eya, za magalimotozo ndi zimene ndikukana. Mnyamata wagalimoto aziimika kumsewu, abwere wapansi, andipatse moni."

"Ndikunena galimoto yozimitsa moto, mayi."

"Nayenso wozimitsa motoyo apereke moni. Alibe makolo?"

Kalaliki anayang'ana fomu kutsogolo ndi kumbuyo. "Malo olemba moni palibe. Pali a msewu basi, mamita ake."

"Iii, bambo inu. Mwana ndinabereka ndine kapena komiti?"

"Funso limenelonso palibe. Tipite ku za ngalande. Mvula ikagwa, madzi a madenga atatuwa azipita kuti?"

"Kumunsi. Munaonapo madzi akukwera mtunda?"

"Fomu ikufuna malo enieni."

"Lembani kuti kwa aneba."

"Anebawo ayenera kuvomera ndi kusaina. Munawauza?"

"Ndiwauzire kuti? Angosamukirako kumene, ndipo bambo wa panyumbapo sindinamuonepo. Akuti amagwira ntchito ya muofesi, yongovutitsa anthu. Nyumba ya geti lobiriwira, kuseri kwa chigayo."

Cholembera cha kalaliki chinaima pakati pa mawu. "Ili ndi mtengo wa mapeyala?"

"Womwewo. Nthambi zabwino zinagwera kwanga."

"Ndi nkhuku zoyera zinayi?"

"Zinali zinayi. Zimakonda kulowa m'dimba la eni ake."

Kalaliki anavula magalasi, anawapukuta pa tayi, n'kuwavalanso. Anatsatira ndi chala mzere wa madzi papepalapo mpaka pomwe unathera.

"Apa ndi pazenera la kuchipinda," anatero motsitsa mawu. "Mayi, m'nyumba imeneyi ndimakhalamo ine."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenaka anakoka mpando, anakhala bwinobwino, n'kumukankhira fomu ija.

"Ndiye zaphweka, aneba. Ndimadandaula kuti ndikakupezani kuti. Sainani, cholembera muli nacho kale m'manja."