Dokotala Wandevu Sanafe

Pa siteji ya basi, mayi wina ankasuzumira sewero limene bambo wa pambali pake ankaonera pafoni. Mapeto ake analephera kuugwira mtima.

"Pepani bambo, ameneyo si dokotala wandevu uja? Paja anafa m'filimu ya chaka chatha."

"Imene ija siwerengedwa, mayi."

"Siwerengedwa bwanji? Ndinagula m'sitolo, chidindo cha kampani chili pachikuto. Si yokopera ayi."

"Kampani inatulutsadi, koma wolemba seweroli ananena kuti za m'menemo si mbali ya nkhani yake. Zili ngati munthu wongodutsa amene walowa pachithunzi cha ukwati. Chithunzicho n'chenicheni, koma iyeyo si m'bale wanu."

"Ndiye ine ndinalira maliro a munthu wamoyo? Chakudya chinkandikanika, sewerolo mpaka ndinalisiya."

"Ali moyo, wanenepanso. Lachisanu akukwatira."

"Mwandisangalatsa, bambo, mtima wanga wakhala pansi. Akukwatira mphunzitsi wofatsa uja eti?"

"Ayi, namwino wamiseche uja."

"Ameneyo? Basi, ine ndikhalabe ndi filimu yanga. Kumene kuja anafa ndi ulemu wake."