Mwini Zinsinsi Adziwitsidwe

"Sinditchula dzina," anatero Laisoni, manja ali m'thumba. "Olo mundimange."

Munali mu ofesi ya kalabu ya alimi a mpunga ku Golomoti, momwe Laisoni ankalemba mayina a mamembala chimalizireni Fomu 4. Rute, yemwe kalabu inamutumiza kukaphunzira zoteteza zinsinsi za anthu, anali atamugwira Lolemba: mnyamatayo analembetsa kalata ya chikondi kwa makina anzeru a pa intaneti, pa kompyuta ya kalabu.

"Kumanga si gawo langa," anatero Rute, akuwongola fomu patebulo. "Funso lachitatu, a Laisoni. Munawauza chiyani makinawo za munthuyo?"

"Za mumtima!"

"Mtima ulibe malo pafomu pano. M'makinamo munalemba kuti ali ndi kampata m'mano. Zimenezo ndi za thupi la munthu. Anavomera?"

"Aaa! Kampata nkopempha chilolezo? Aliyense amakaona akaseka!"

"Aliyense wa ku Golomoti. Inu mwakatumiza kutsidya kwa nyanja."

Laisoni anayang'ana kudenga. Mtsikana amene anamulota miyezi isanu ndi iwiri anali pamaso pake pomwepo, akuwerenga malotowo ngati malangizo a pabotolo la mankhwala a mbewu. Chilowereni m'mawa anali asanaonetse mano ngakhale kamodzi.

"Amaimba kwaya ku Mua," Rute anapitiriza. "Chipembedzo chimenecho, chinsinsi chachikulu. Njinga yake ilibe belu. Katundu wa munthu."

"Iwe Rute, sukuonapo kanthu pamenepo?"

"Ndikuonapo milandu itatu." Anachonga katatu. "Ndipo makinawo anayankha kuti nkhope yake ikuwala ngati chipale chofewa. Uthenga wabodza. Chipale ku Golomoti kuno, kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa?"

"Ndinawauza kuti afufute pamenepo!"

"Ndiye kuti munakambirana nawo kawiri." Anachonganso.

"Mayo ine!"

"Lamulo la kalabu likuti mwini zinsinsi adziwitsidwe pasanathe masiku atatu. Lero ndi tsiku lachitatu. Dzina?"

"Ndati ayi. Chikondi si mpunga woti nkuyanika pamsewu."

"Chabwino. Ndikawerenga kalata yonse pamsonkhano wa masana uno, mwiniwake adzizindikire yekha."

"Pamaso pa alimi onse? Umenewo ndiye utetezi wako?"

"Ndikawapempha kuti asauze munthu."

"Ndi malume ako ali pomwepo?"

"Malume anga zikuwakhudza bwanji?" Cholembera chinaima m'mwamba. "Kodi nawonso munawalowetsa m'makina? Ndiye pafunika fomu ina."

Rute anatsegula kabati. Panja alimi anali atayamba kutsamiritsa njinga pamtengo wa mango, ndipo Laisoni anamva chifuwa cha malume aja, chodziwika mudzi wonse. Anamenya tebulo, fomu nkudumpha.

"Ndiwe! Kampata nkako, kwaya njako, njinga njako! Ndimakufuna, Rute, kuyambira tsiku lija unandigunda nayo pamlatho popanda nkuti pepani!"

Rute anatola fomu ija. Analemba dzina lake lomwe mosathamanga, nasaina, nadinda chidindo, nauzirapo kuti inki iume. Kenaka anamwetulira, kampata kaja kali poyera.

"Mwiniwake wadziwitsidwa," anatero. "Akuti anadzizindikira kale Lolemba, atangofika pa nkhani ya belu. Masiku atatu onsewa, Laisoni iwe, amadikira kuti amve kwa munthu."