Ludzu la a Njanji

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1969, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndikuyankhulane ndine mng'ono wawo, ndipo ndikuuzeni, abale ndi alongo, kuti chimphona mwabwera kudzachiperekezachi chinabadwa kamwana kowonda, moti mayi athu ankachita mantha pokasambitsa.

Anayamba sukulu mu 1976. Tisanamizane pa maliro, za m'kalasi sizinkawalowa, ndipo mu 1986 anasiya n'kukaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo. Kuseri kwa shopu imene ankaphunzirako kunali chidutswa cha njanji chimene amuna awiri ankachisuntha akubuula. Malemu anayamba kuchinyamula okha pa nthawi yopuma. Poyamba anzawo ankawaseka, koma posakhalitsa oseka omwewo ankaitana odutsa kuti adzaone. Dzina lakuti a Njanji linachokera pamenepo.

Mu 1991 analowa mpikisano wawo woyamba wa adzitho, n'kukhala omaliza. Bambo athu atamva kuti mwana wawo anaima pa nsanja atadzola mafuta thupi lonse, atavala kakabudula kochepa ngati mpango wa m'thumba, anatha mwezi osawayankhula. Koma chikho choyamba chitalowa m'nyumba mu 1994, bambo omwewo ndi amene anachiika pamwamba pa kabati, ndipo mlendo aliyense ankayamba wachiona asanapatsidwe mpando.

Mu 1995 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, amene ndi telala. Anadziwana chifukwa cha malaya, pakuti panalibe sitolo yogulitsa malaya owakwana m'mapewa. Alamu anawayeza tsiku limodzi, n'kukhala akuwasokera moyo wonse.

Kuyambira 1996 mpaka 2008 panalibe wowagwedeza. Anapambana kuno kwathu, anakapambananso kunja. Anatsegula malo awoawo onyamulira zitsulo, ndipo benchi iliyonse ndi chitsulo chilichonse m'menemo anawotcherera okha. Koma mphamvu zonsezo, dzanja lawo silinamenyepo munthu. Wosamuka nyumba ankathamangira kwa iwo, galimoto ikatitimira m'matope ankaitanidwa ndi iwo. Ife tinkanyada nawo, ndipo tikunyadabe.

Tsopano pali nkhani imene anandituma kuti ndinene. Mpikisano ukayandikira, malemu ankasiya kumwa madzi, n'kumameza timapiritsi tokodzetsa, kuti khungu limatirire ku minofu, mtsempha uliwonse uonekere kwa oweruza. Ankati kumeneko ndi kuuma, ndipo ankadzitama kuti palibe wouma kuposa iwo. Milomo inkachita kung'ambika, koma kapu ya madzi ankaikankhira kutali. Njira imeneyi anaphunzitsa anyamata awo onse, kuphatikizapo mwana wawo woyamba, amene watsata mapazi awo ndipo ali ndi mpikisano waukulu mwezi wamawa.

Mu 2021 miyendo inayamba kutupa. Madokotala anapeza kuti impso zafooka, ndipo sanawabisire kuti kuuma kwa zaka zonse zija kunathandizira. Anayamba kupita ku makina osefa magazi. Chowawa kwambiri, abale anga, n'chakuti thupi linali litasiya kutulutsa madzi, choncho madokotala anawaletsa kumwa ambiri. Munthu amene ankakana madzi mwadala tsopano ankachita kuwapempha, alamu akungowanyowetsa milomo ndi kansalu. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndipo zinandiswa mtima. Anatisiya pa 3 Meyi 2024, m'mawa, dzanja lawo lili m'manja mwa alamu.

Ali m'chipatala anayesa kangapo kumuuza mwana wawo kuti asiye kuuma. Mnyamatayo amawakonda bambo ake koopsa, koma nkhaniyi ikangoyamba ankayankha kuti iwonso anapambana choncho, n'kutuluka m'chipindamo. Ndiye malemu anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndidzanene pa maliro awo, pamaso pa anthu onse, pamalo pamene mwanayo sangadzuke n'kuchoka.

Mwana wa achimwene anga, ndikuyankhula ndi iwe. Bambo ako anati anakuphunzitsa zambiri zabwino, koma ichi chokha anakuphunzitsa molakwika, ndipo akupepesa. Anati upite ku mpikisanowo, usausiye chifukwa cha maliro, koma ukwere pa nsanja utamwa madzi. Ukakhala wachitatu kapena womaliza, iwo alibe nazo kanthu. Anati mayi ako anyowetsa kale milomo ya munthu mmodzi, asadzanyowetsenso ya wachiwiri. Inunso anyamata a zitsulo mwanyamula bokosili, uthengawu ndi wanu.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, mdzukulu mmodzi, ndi ife abale awo atatu. M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino a ku makina osefa magazi, amene ankawapirira akamakangana nawo za kapu ya madzi, achibale a alamu, oyandikana nafe nyumba, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalira pano. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Achimwene, uthenga wanu ndafikitsa, ndipo mwana wanu sanadzuke, wamva mpaka kumapeto. Kumene mwapitako kulibe ludzu. Mzimu wanu uuse mu mtendere.